Nyumba ya Okwera Phiri pa Dedza Iyambire pa Mlonda

 

Mwandipempha kuti ndikambe za nyumba zimene anthu okwera mapiri amagonamo, ndiponso ngati Phiri la Dedza likufunika nyumba yotere. Ndiyambe ndi yankho kuti muzindiyesa nalo pamene ndikulankhula. Likufunika. Koma ikhale imodzi, yaing'ono, ndipo tisakumbe maziko tisanagwirizane za munthu amene adzaisamalire ndi kumene malipiro ake azidzachokera mwezi ndi mwezi.

Anthu a kuno simufuna mlendo kuti akuuzeni za chisanu. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo palibe tawuni ina m'Malawi yokwera chotere. Nsonga ya phiri ili pa mamita 2,198. Munthu akamakwera, pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, kotero pamwambapo pamazizira ndi madigiri ngati 4 kuposa pamsika pano. Madigiri 4 akumveka ochepa. Muwonjezepo mphepo yopanda choitchinga ndi malaya onyowa ndi nkhungu kapena thukuta, m'mwezi wa Julayi, dzuwa litalowa. Thupi lonyowa limataya kutentha msanga kwambiri. Munthu amayamba ndi kunjenjemera, kenaka miyendo imalemera, lilime limakanika, nzeru zimasokonekera, mapeto ake amangofuna kukhala pansi kuti agone. Imfa yotere sidikira chipale chofewa cha kwa azungu. Imachitika m'mapiri athu omwewa.

Nchifukwa chake nyumba zoyamba za m'mapiri sizinamangidwe pofuna chisangalalo. Pakati pa Switzerland ndi Italy pali mpata wotchedwa Great St Bernard, pa mamita 2,469, pamene amalonda ndi anthu a paulendo wachipembedzo opita ku Rome ankadutsa. Cha m'ma 1050 wansembe wina, Bernard wa ku Menthon, anamangapo nyumba yolandirira apaulendo. Ansembe ankakhala pomwepo chaka chonse, kusonkha moto, kuphika, ndi kutuluka kukafunafuna osochera. Pambuyo pake anayamba kuweta agalu akuluakulu aja amene mpaka lero amadziwika ndi dzina la malowo. Makoma ake akhala akukonzedwa ndi kumangidwanso, koma kwa zaka pafupifupi 1,000 pakhomopo pakhala pali munthu wotsegula chitseko.

Kukwera phiri chifukwa chongolikonda kunabwera mochedwa. Bungwe la Alpine Club linakhazikitsidwa ku London mu 1857, la ku Switzerland mu 1863, ndipo chaka chomwecho linamanga nyumba yake yoyamba, Grünhornhütte, m'mbali mwa phiri la Tödi. Kanali kachipinda kamodzi ka miyala. Lero bungwelo lili ndi nyumba pafupifupi 150, zambiri zili ndi wozisamalira m'nyengo ya alendo. Ku Norway anatenga njira ina. Bungwe lawo la oyenda m'mapiri, limene linayamba mu 1868, lili ndi nyumba zoposa 500, ndipo zambiri mulibe munthu. Membala amakhala ndi kiyi imodzi yotsegula loko wa nyumba zonsezo; m'zina amapezamo chakudya, amalemba chimene wadya, nkulipira yekha. Wina pano anganene kuti titengere chimenechi, chifukwa nchotchipa. Ine ndikukana, ndipo sikuti a ku Norway anabadwa ndi mitima yoyera kuposa yathu. Kumeneko kulibe banja limene denga lake likudontha pamene malata khumi ali pa nyumba yopanda munthu, mtunda wa maola awiri kuchokera pamudzi. Kuno liripo. Kusiya nyumba yopanda mwini pamaso pa munthu wosowa ndi kumuika m'mayesero, ndipo wolakwa woyamba amakhala amene anaimanga.

Sitifunikanso kuyang'ana kutali chotero, chifukwa chitsanzo tili nacho m'dziko mwathu. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake Sapitwa ili pa mamita 3,002, lili ndi nyumba khumi: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Minunu, Sombani, Madzeka, Chisepo, kanyumba ka mpingo wa CCAP pa Lichenya, ndi France's Cottage pafupi ndi Chambe. Zinayalidwa moti munthu akanyamuka pa ina m'mawa amakafika pa inzake dzuwa lisanalowe, ndipo akhoza kuyenda sabata yathunthu osatsika. Zambiri zili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, mothandizana ndi Mountain Club of Malawi, bungwe limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndi Mulanje Mountain Conservation Trust. Nyumba ya Chisepo, imene anthu amagona akafuna kukwera Sapitwa, ili pa mamita pafupifupi 2,200, kutanthauza kuti ikulingana ndi nsonga ya phiri lathu lino.

Amene simunagonemo musaganize za hotela. Mumapeza chipinda cha matabwa, tebulo, mabenchi, malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, ndi chimbudzi chokumba chapatali. Chakudya mumanyamula nokha. Mamembala a Mountain Club amatenga kiyi ya kachipinda kosungiramo ziwiya ndi zofunda. Basi. Koma mukafika madzulo mutatopa, nsapato zitanyowa, pamatulukira bambo wina amene amakhala m'kanyumba kake pambali. Wawaza kale nkhuni. Watunga madzi. Amakusonkherani moto, nkukutenthetserani madzi osamba. Mukamufunsa za njira ya mawa amakuuzani mtsinje umene wadzaza, pamene mwala waterera, ndi anthu amene anadutsa dzulo kulowera kuti. Akayang'ana mtambo umene ukukwera kuchokera kumwera amadziwa ngati ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene ingatseke phiri masiku angapo, ndipo amakuuzani kuti lero musapite. Mapu sanena zimenezi, foni sinena zimenezi. M'mabuku otsogolera alendo muli kutalika kwa nsonga iliyonse ndi chiwerengero cha malo ogona m'nyumba iliyonse, koma mayina a alonda amenewa simuwapezamo, ngakhale kuti iwowa ndiwo achititsa kuti nyumbazo zikhalepo mpaka lero.

Mulanje watiphunzitsanso ndi misozi. Mu 1949 mkulu wa za nkhalango wotchedwa Fred France anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wosefukira cha ku Ruo, ali paulendo ndi mlembi Laurens van der Post, amene analemba za ngoziyo m'buku lake Venture to the Interior. Kanyumba ka pa Chambe kaja kamatchedwa dzina lake. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands, Linda Pronk, anasowa cha ku Sapitwa. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiyana ndi womuperekeza nkupitirira yekha kunsonga, nkhungu inatseka, ndipo thupi lake linapezeka patatha masiku ambiri, atafa ndi chisanu. Nditchula anthu amenewa mwaulemu, pakuti anali ana a eni ake. Onse atatu ngozi inawagwera paphiri lokhala ndi nyumba. Nyumba payokha sipulumutsa munthu. Chimene chimathandiza ndi munthu wodziwa phiri, ndi mlendo womvera munthuyo.

Pali mbali ina ya mbiri ya nyumba za ku Mulanje imene sitiyenera kuibisa. Zinayamba m'nthawi ya atsamunda, zomangidwira akuluakulu a za nkhalango, amishoni ndi azungu a m'minda ya tiyi othawa kutentha. Makolo athu anakwera nawo ngati amtengatenga, katundu pamutu, ndipo usiku ankagona kwina, osati pamoto wa m'nyumba yaikulu. Zambiri zasintha. Amalawi akukwera Mulanje tsopano, magulu a achinyamata ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters' Race umalemekeza anthu onyamula katunduwo. Komabe maganizo akuti kukwera phiri ndi za azungu, ife kwathu nkunyamula, sanatheretu. Ngati tidzamanga nyumba pa Dedza nkuimanga ndi maganizo amenewo, kuli bwino tisamange.

Tsopano tibwere kwathu. Funso lomveka ndi ili: phiri lathu munthu amakwera m'mawa nkutsika masana, kuli msewu wopita ku nsanja za mawailesi ndi mafoni pamwamba, nanga nyumba yogona njachiyani? Funsoli ndi loona, ndipo sindikunamizani kuti Dedza ndi woopsa ngati Sapitwa. Malo othawirako mvula ndi mphezi ndi ofunika, koma chimenecho chokha sichikwanira kukhala chifukwa chomangira.

Chifukwa chachikulu kwa ine ndi ana asukulu akhala kumbuyowo. M'munsi mwa phirili muli Dedza Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1951, muli Umbwi, muli masukulu a pulaimale ndi a sekondale oyendera ambirimbiri, ndipo ku Chongoni kuli koleji yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire. Ana amenewa amaloweza m'kalasi za mmene mitambo imapangikira, za chigwa chachikulu chimene muli Nyanja ya Malawi, za magwero a mitsinje, za nyenyezi. Zonsezi zili pamwamba pa mitu yawo. Kukacha bwino, munthu ataima pansonga amaona nyanja kum'mawa, ndi zitunda za Angonia ku Mozambique kumadzulo, amaona ndi maso mmene dziko limagwera kuchoka ku Bembeke kutsikira ku Golomoti ndi Mtakataka. Koma nthawi yabwino yoonera zimenezi ndi mbandakucha, utsi ndi fumbi zisanakwere, ndipo amene wanyamuka m'tawuni m'mawa amafika zitaphimbika kale. Mbalame za m'timagulu ta nkhalango yachilengedwe imene yatsala pamwamba zimaimba m'mamawa. Mtambo umabadwa m'chigwa munthu akuuyang'ana pansi pake. Mwana amene wagona pamenepo usiku umodzi, nkumwa madzi pa kasupe amene akudziwa kuti akutsikira kumudzi kwawo, sadzamvanso mawu akuti kusamala zachilengedwe ngati nkhani ya pa wailesi. Ena mwa iwo adzakhala makhansala, apolisi, aphungu, mafumu. Tsiku lina pepala lololeza kudula mitengo lidzafika patebulo pawo.

Chifukwa chachiwiri ndi moto. Phirili linasandutsidwa nkhalango yotetezedwa m'zaka za m'ma 1920, kenaka mbali zake zinadzalidwa paini. Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene linkaonekera litavala, ndipo mukuona mmene liliri lero. Zodya phirili nzambiri: macheka, makala, nkhuni, minda yokwera m'mapiri, ndi zaka zija za m'ma 1980 mpaka 1992 pamene abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza m'malire muno, tonse tikuphikira pa nkhalango imodzi. Koma chimene chimapha mbande zodzalidwa chaka ndi chaka ndi moto wolusa wa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, wina wa osaka mbewa, wina wa ofula njuchi, wina wa mkwiyo. Timadzala mu Januwale, kujambulitsa zithunzi, pofika Okutobala pali lupsa. Makolo athu chimanga chikayamba kukhwima ankamanga chilindo m'munda, munthu nkumagona momwemo, ndipo anyani ankadziwa kuti mundawo uli ndi mwini. Nyumba ya paphiri yokhala ndi mlonda igwire ntchito yomweyo. Munthu mmodzi sangazimitse moto wa m'nkhalango ya paini, koma amauona utsi ukadali waung'ono, ndipo pamwambapo foni imagwira. Theka la ola pa chiyambi cha moto limasiyanitsa ntchito ya anthu khumi okhala ndi nthambi zaziwisi ndi chiwonongeko cha mbali yonse ya phiri.

Apa ndichenjeze ndekha, kuti tisayembekezere zopitirira. Mulanje ali ndi alonda m'nyumba zake, koma mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene nyumba zambiri za kumeneko zinamangidwira, watha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Alonda ankaona ocheka matabwa akudutsa, koma munthu mmodzi wopanda omuyankha akaimba foni angachitenji? Mlonda ndi diso. Diso likaona, pafunika miyendo ndi manja kumunsi: komiti ya m'mudzi, ofesi ya za nkhalango, mfumu imene iweruze mlandu mosakondera. Popanda zimenezi tidzangoika munthu wosauka pamalo oopsa.

Chifukwa chachitatu ndi alendo, ndipo ndachiika kumapeto mwadala. Dedza ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M1. Ambiri amaima, kudya tchipisi ta kachewere, kugula mbale ku Dedza Pottery, nkupitirira. Koma taonani zimene zatizungulira. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zaka 19 Phiri la Mulanje lisanalowe pa mndandanda womwewo mu 2025. Ku Mphunzi, ku Chentcherere, ku Namzeze kuli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, za chinamwali ndi za Nyau. Kumunsi kwa phompho kuli Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, ndi Kungoni imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Munthu akhoza kuyenda wapansi masiku angapo kuchoka ku Chongoni, kukwera Dedza, kudzera ku Bembeke nkutsikira ku Mua. M'midzi ndi m'maparishi ogona alipo kale, kapena akhoza kukonzedwa popanda kumanga chachilendo, ndipo ndalama ya mlendoyo ingatsale m'manja mwa amayi ophika ndi anyamata operekeza. Pamene palibe pogona ndi paphiri pokha.

Mapanga a zojambula aja atikumbutse kuti kugona m'mapiri ano si chinthu chobwera. Ofukula zakale, monga J. Desmond Clark amene anakumba ku Mwana wa Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza zizindikiro zakuti anthu ankakhalamo kalekale, ndipo m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'mapiri omwewa pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Koma lero mapangawo sangakhalenso ogona. Mwaye wa moto umodzi umadetsa chojambula chimene chakhala zaka mazanamazana, ndipo makala otsala pamotopo ndi amene ana amalembera mayina awo pakhoma. Pamene tikuletsa anthu kusonkha moto m'mapanga, tiwapatse malo ena osonkhapo.

Nanga nyumbayo ikhale yotani? Choyamba ndi malo. Isamangidwe pansonga penipeni, ngakhale kuti ndi pamene maso amakopeka. Pansonga pamawomba mphepo, pamagwa mphezi, ndipo palibe madzi. Ikhale chakumunsi pang'ono, kuseri kwa chitunda chotchinga mwera, pamalo poti dzuwa la m'mawa lifike pakhomo. Isakhale m'khwawa kapena pansi pa phompho la dothi lofewa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe chimene phiri lovulidwa limachita likakhuta mvula. Madzi akhale pafupi, koma nyumba isakhale pa kasupe penipeni. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa kasupeyo, mamita osachepera 30 kuchokera pamadzi, chifukwa madzi amene akutuluka pamenepo pali mwana akuwamwa kumudzi, ndipo mitsinje ya m'zitunda zino ndi imene imadyetsa Linthipe mpaka kunyanja. Nyumba yoipitsa kasupe yabweretsa matenda m'malo mwa chitukuko. Zinyalala za mapulasitiki ndi zitini atsike nazo amene wakwera nazo, ndipo mlonda apatsidwe mphamvu yonena zimenezo kwa aliyense, kaya ndi bwana.

Makoma akhale a miyala, poti miyala ili pomwepo, siipsa ndi moto wa kutchire, ndipo sinyamulika. Denga la malata limangiriridwe ndi mawaya kufikira m'khoma, kukhale ndi chotchingira mphezi, ndi mipope yokolola madzi a mvula kulowa m'thanki. Kuzungulira nyumba kuzilambulidwa chaka chilichonse dzinja likangotha. Moto wa m'kati ukhale ndi chumuni chokoka bwino. Pa ichi ndilankhule molimba: mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo usiku wozizira ndi pamene aliyense amafuna kutseka zenera. Nkhuni zichokere ku paini wopatulira ndi nthambi zouma za m'munda wa boma, mogwirizana ndi a za nkhalango. Nkhwangwa isakhudze mtengo wachilengedwe wa pamwambapo, chifukwa timagulu timene tatsala ndi tating'ono ndipo timakula pang'onopang'ono. Sola imodzi yowunikira ndi yotchajira foni ya mlonda njokwanira. Wailesi yaphokoso ndi malo omwera mowa zili kale m'tawuni.

Zipinda zogona zikhale ziwiri, chilichonse chokhala ndi chitseko chotsekera m'kati. Izi sizokongoletsa. Palibe kholo la kuno limene lingalole mwana wake wamkazi kukagona kuphiri m'chipinda chimodzi ndi anyamata, ndipo kholo lotero likulondola. Tikamanga chipinda chimodzi tamangira anyamata okha. Operekeza ndi onyamula katundu nawonso agone pansi pa denga lomwelo, aothe moto womwewo.

Tsopano nkhani imene imagwetsa zinthu zambiri m'dziko muno, ya ndalama ndi umwini. Tonse tikudziwa nyumba zimene zinamangidwa ndi thandizo lakunja, zinatsegulidwa ndi magule ndi malankhulidwe, ndipo patatha zaka zitatu zitseko zinazulidwa, m'kati mukugona mbuzi. Ndalama yomangira imapezeka msanga, chifukwa wopereka amaona chinthu chojambulika. Ndalama ya malipiro a mlonda m'chaka chachisanu, ya loko wothyoka, ya lata limodzi louluka, imeneyo palibe amene amaikonda. Choncho tiwerengere chobwerera m'mbuyo. Tiyambe ndi malipiro a alonda awiri pa chaka, osinthana sabata ndi sabata kuti aliyense azitha kulima munda wake ndi kuona banja lake. Tiwonjezepo zokonzera. Chiwerengero chimenecho tichigawe ndi usiku umene tikuganiza kuti anthu angagonemo. Ngati masamuwo sakutuluka, tisamange kufikira titapeza woti atseke mpatawo ndi pangano lolembedwa, kaya ndi khonsolo, kaya ndi makampani amene ali ndi nsanja pamwambapo, kaya ndi ophunzira akale a masukulu athu amene ambiri ali pa maudindo.

Mitengo yogonera isiyane. Mlendo wakunja alipire zambiri, Mmalawi wapantchito zocheperapo, mwana wasukulu kangachepe koti kholo la kumudzi lingakwanitse litagulitsa ndowa ya kachewere. Ena amati kusiyanitsa mitengo ndi tsankho. Ine ndimati nyumba imene mwana wa m'munsi mwa phiri sangagonemo idzakhala yachilendo kwa anthu ake, ndipo chinthu chachilendo palibe amene amachiteteza usiku. Kulipira kukhale kwa pafoni, pa Mpamba kapena Airtel Money, kulowa m'thumba lodziwika, kuti mlonda asamasunge ndalama paphiri, kuopa achifwamba ndi kuopa mayesero. Buku la alendo lizikhala patebulo, aliyense alembe dzina, tsiku ndi kumene akulowera. Bukulo limathandiza posaka wosochera, ndipo limathandizanso komiti poyerekeza anthu amene anagona ndi ndalama imene yalowa.

Malamulo akutilola kuchita zimenezi. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limapereka mwayi woti boma ndi midzi yozungulira nkhalango agwirizane zoisamalira limodzi ndi kugawana phindu lake, kudzera m'makomiti a m'midzi oona zachilengedwe. Malowo ndi a boma, ndipo chilolezo chidzachokera ku Dipatimenti ya Zankhalango. Koma alonda achokere m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, asankhidwe poyera mafumu ali pomwepo, osati chifukwa ndi mphwake wa wapampando. Ndingakonde kuti mmodzi akhale munthu amene kale ankacheka matabwa kapena kuotcha makala paphiri lomweli. Amadziwa njira iliyonse, kasupe aliyense, ndi munthu aliyense amene amalowa m'nkhalango usiku. Aphunzitsidwe chithandizo choyamba, makamaka kutenthetsa munthu wogwidwa ndi chisanu ndi kumanga mwendo wothyoka, apatsidwe jekete, nsapato ndi zofunda zabwino. Si bwino kuti munthu wosonkhera alendo moto azigona akunjenjemera.

Pomaliza, zimene tingachite chaka chino popanda kudikira ndalama ya wina aliyense. Mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, kagulu ka a za nkhalango, ophunzira a ku koleji ya ku Chongoni ndi akuluakulu a m'midzi kakwere kukaona akasupe amene sanaphwe. Kasupe woyenda mu Febuluwale sanena kanthu. Woyenda mu Okutobala ndiye angasunge nyumba. Pa ulendo womwewo mafumu athu mutiuze malo amene sitiyenera kukhudza, a manda, a nsembe, a dambwe, kuti tisadzayambe ndi mlandu. Kenaka m'nyengo yachisanu ikubwerayi, tisanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, tibwereke matenti, kalasi imodzi ya anyamata ndi atsikana ikagone pamalo amene tasankhawo pamodzi ndi aphunzitsi awo, abambo ndi amayi, kuti tidziwe kumene mphepo ikuchokera usiku, nkhuni zimene zapsa, ndi madzi amene amwedwa. Ndipo inu aphunzitsi aakulu amene muli pano, musanatuluke mulembe pa pepala limene lili pakhomopo dzina la sukulu yanu, makalasi amene mungabwere nawo pa chaka, ndi ana angati pa ulendo umodzi. Kukula kwa zipinda ziwiri zija kudzachokera pa manambala amenewo.